Bowo pa Denga la Nkhono

1. Nkhono ifika pa shedi

Azakhali ake a Gologolo anali ndi galimoto imene anthu onse a mumsewu ankaitchula kuti Nkhono. Dzinali linkaiyenera, chifukwa inkayenda pang'onopang'ono itabereka nyumba yonse kumsana. M'kati mwake munali bedi, kafiriji, kasinki, kabati ya zovala ndi makina osokera. Atapuma ntchito ya unamwino, azakhaliwo anati sangakhale pakhomo n'kumayang'anizana ndi zipupa. Ankayendera ana awo ndi Nkhono, ndipo kulikonse kumene kwawadera ankagona komweko.

Chovuta chinali moto. Padenga pa Nkhono panali sola imodzi yokha, ndipo inali itatopa ndi ntchito.

"Achimwene, ndikayamba kusoka, firiji imadandaula," anatero azakhali tsiku limene anafika ndi masola awiri atsopano okulunga m'mabulangete. "Ndikaitonthoza firiji, nyale zimatsinzina. Ndikayatsa nyale, foni imakomoka. Kodi ine ndinapuma unamwino kuti ndizidwazika zitsulo? Mundiikire masolawa."

Achimwene awowo anali bambo ake a Gologolo, amene aliyense ankawatchula kuti a Magetsi. Kale panalibe waya wowakanika. Koma chaka chapitacho anadwala sitiroko, ndipo dzanja lamanzere linafooka, mwendo n'kumakoka pang'ono. Adokotala anawaletsa kukwera makwerero. Shedi yawo yogwiriramo ntchito inakhala yotseka, ndipo a Kalipentala a nyumba yoyandikana nayo ankaiyang'ana ndi diso lanjala.

"Bambo a Golo, musadzipweteke," anatero amayi. "Mwagwira ntchito mokwanira. Apatseni a Kalipentala shediyo, inu mupume."

A Magetsi anasisita sola imodzi ndi dzanja lawo lamphamvu lija, kenako anayankha mofatsa.

"Ntchito iyi ndi mayeso anga. Ikatheka, nditsegulanso shedi. Ikandikana, makiyi ndikapereka ndekha kwa a Kalipentala ndi manja awiri, ndipo simudzandimvanso ndikutchula waya pakhomo pano. Padenga akwerapo ndi Gologolo."

Gologolo anali mtsikana wa kusekondale, woyamba kubadwa. Dzinalo analipeza ali wamng'ono, chifukwa ukamusowa pansi unkangoyang'ana mumtengo kapena pampanda. Atamva mawu a bambo akewo ananyadira mpaka makutu anamutentha.

2. Malamulo a padenga

Loweruka m'mawa, asanakhudze chida chilichonse, a Magetsi anamukhazika mwana wawo pa benchi ya m'shedi.

"Tamvera, mwana wanga. Denga la galimoto si denga la nyumba. Ndi chitsulo chopyapyala ngati chitini cha mkaka. Pansi pake pali nthiti, zitsulo zolimba zopingasa, ndipo sikuluwu imagwira pa nthiti pokha. Iwe uli pamwamba sungazione nthitizo. Inenso m'katimo sindiziona, chifukwa anakhomamo matabwa. Koma ndimazidziwa potsata timisomali timene tagwira matabwawo. Ndiye ine ndizigogoda pa kamsomali, iwe uike khutu padenga, upeze pamene pakulira, ulembepo ndi choko. Ukatero ugogode nawenso. Ndikakuyankha, boola. Ndikapanda kuyankha, dirilo isalire."

"Ndamva, bambo."

"Sunamve, sindinamalize. Waya ukamulakwitsa umamasula n'kuyambiranso. Choko ukalakwitsa umafufuta ndi malovu. Koma bowo silifufutika. N'chifukwa chake bowo lililonse timalipaka mankhwala a dzimbiri, kenako timalimata ndi silikoni mpaka atatuluka m'mbali. Madzi alibe ulemu. Sagogoda, safunsa kuti muli ndani m'katimo. Akapeza kampata ngati diso la singano alowa, ndipo akatulukira kutali ndi pamene analowera, n'kukanamizira malo osalakwa. Ndiye ukalakwitsa undiuze pomwepo. Ine ndaboolapo molakwika kambirimbiri. Pa ntchito kulakwitsa si mlandu, mlandu ndi kuphimba."

Gologolo anagwedeza mutu mwamphamvu. Kunena zoona, theka la mawuwo linalowa khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa foni inkanjenjemera m'thumba. Masana a tsiku lomwelo timu yake ya mpira wamanja inali ndi masewero, ndipo anzake anali atayamba kale kumufunsa kuti ali pati.

Ntchito inayamba bwino. Go go go, m'kati. Go go go, pamwamba. Dirilo inkalira, sikuluwu n'kugwira zolimba. Sola yoyamba inakhazikika bwinobwino. A Magetsi anayamba kuimba mluzu m'katimo, ndipo amayi, amene ankayanika zovala, anaima n'kutchera khutu. Mluzu umenewo sunamveke pakhomopo chiyambire matenda aja.

3. Dirilo ilira yokha

Dzuwa litafika paliwombo, amayi anaitana.

"Bambo a Golo! Nthawi ya mankhwala yakwana. Mubwere mudyenso kanthu, mupumitse dzanjalo."

A Magetsi anatuluka mu Nkhono, naika chubu cha silikoni m'thumba la ovolosi mosaganizira.

"Golo, ndikubwera posachedwa. Dirilo usaikhudze."

Posachedwa pa munthu womwa mankhwala n'kugonako pang'ono si posachedwa pa mtsikana woyembekezera mpira. Foni inalira, n'kuliranso. Anzake anati aphunzitsi ayamba kusankha osewera, ndipo wochedwa akhala pa benchi.

Gologolo anayang'ana masikuluwu a sola yoyamba. Anaona kuti atalikirana mofanana. Anayeza ndi zikhatho kuchoka pa yomaliza, nalemba ndi choko. Anati akaboola bowo limodzi lokha, ntchito ichepako, ndipo bambo akabwera adabwa ndi nzeru zake. Paja safunsa anadya phula.

Anaika dirilo pa choko paja n'kudina. Kawirikawiri dirilo inkalimbana ndi nthiti, ikulira mokakamira. Ulendo uno inangoti phwi! kulowa ngati m'sopo. Panalibe nthiti.

Anaizula msanga. Padenga loyera panali bowo lakuda, lokwana pensulo, pafupi ndi kawindo ka padenga. Analigwira ndi chala ngati kuti litsekeka lokha. Anasuzumira pa kawindoko kuona m'kati. Matabwa anali bwinobwino, sanabooke. Palibe amene akanaliona bowolo kuchokera pansi.

Mantha anamugwira, ndi manyazi omwe. Kunyumba kunali pafupi, ndipo kunena kunali kosavuta. Koma anakumbukira mluzu uja, ndiponso mawu aja akuti dirilo usaikhudze. Anafufuza silikoni, osamupeza. Mkamwa mwake munali chingamu chimene anakhala akutafuna chiyambire m'mawa. Anachilavulira m'dzanja, n'kuchikanikizira m'bowomo ndi chala chachikulu, kenako anapakapo choko kuti payere.

A Magetsi atabwerera anagogoda, ndipo nthiti inapezeka chala chimodzi kuchoka pa chingamu paja. Gologolo anaboola pamene anauzidwa, namata bwinobwino. Sola yachiwiri itagona pamalo pake, inaphimba zonse.

"Mabowo onse wamata?" anafunsa bambo ake.

"Onse, bambo."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ndipo zimenezo zinamuopsa kuposa bowo lenilenilo.

4. Madzi a m'payipi

Panatsala kulowetsa mawaya a masola m'kati mwa galimoto. Apa a Magetsi anakana kuthandizidwa.

"Apa mpanga. Sipafuna makwerero."

Anaima pa bedi la azakhali, natulutsa mutu ndi mapewa pa kawindo ka padenga. Analowetsa mawayawo pambali pa kawindoko n'kumata okha. Dzanja lamanzere linkanjenjemera, silikoni n'kumapita mokhotakhota, koma anabwerezabwereza mpaka anakhutira. Atatsika anali thukuta lokhalokha, akumwetulira ngati mwana amene wayenda koyamba.

Ndiyeno anatulutsa payipi ya madzi. Umu ndi mmene a Magetsi ankachitira kuyambira kale: galimoto imene aboola denga sinkachoka pa shedi isanasambe.

"Golo, kwera nayo. Usaumire madzi. Thira paliponse, makamaka kunsi kwa masola. Mvula ya m'payipi ndi bwenzi, chifukwa ikapeza cholakwa timaitseka pa mpopi. Mvula ya kumwamba ilibe mpopi."

Uwu unali mwayi wachiwiri, ndipo Gologolo anauona bwino lomwe. Akanangoloza payipi kunsi kwa sola yachiwiri, madzi akananena zimene pakamwa pake pankakana. Koma anathira kutsogolo, anathira kumbuyo, anathira m'mbali. Atafika pa ngodya ya chingamu ija, anapinda payipi ndi bondo, madzi n'kungodontha pang'ono, kenako anapitirira.

M'katimo a Magetsi ndi azakhali ankasisita matabwa ndi zikhatho.

"Pouma!" anafuula azakhali. "Gwa! Achimwene, ndinu yemwe uja!"

A Magetsi analumikiza mawaya ku kontirola, kabokosi kogawa moto kamene kanali pakhoma chakumutu kwa bedi. Firiji inayamba kung'ung'udza. Nyale zinayaka. Azakhali anayatsa makina osokera, ndipo palibe chimene chinatsinzina. Anavina m'kanjira kopanikizika kaja mpaka anagunda mutu pa kabati.

Amayi anaima pakhomo la Nkhono akupukuta maso ndi nsonga ya chovala.

"Ndinakukayikirani, bambo a Golo. Mundikhululukire."

Madzulo ake a Magetsi anatulutsa penti ndi kuyamba kutsitsimutsa zilembo za chikwangwani cha shedi.

Nanga mpira uja? Gologolo anafika mochedwa, n'kukhala pa benchi mpaka masewero anatha. Mapanga awiri avumbwitsa. Koma benchiyo sinamuwawe, chifukwa maso ake anali kumwamba, kuyang'ana ngati kukubwera mitambo.

5. Mvula yopanda mpopi

Masiku otsatira dzuwa linaswa mtengo. Azakhali anakhalabe pakhomopo akukonzekera ulendo wopita kwa mwana wawo wamwamuna, amene ankakhala kutali. Tsiku lililonse Gologolo ankati mawa anena, kapena mawa aba silikoni n'kukakonza yekha. Koma kuti afike pa bowolo panafunika kumasula sola yonse, ndipo sola si chinthu chonyamula munthu mmodzi mobisa. Zakudya zinasiya kumukomera. Bambo ake akamuyamikira pamaso pa alendo, ankayang'ana pansi, anthu n'kumati ndi mwana wodzichepetsa.

Mlandu suola. Tsiku lina masana, Gologolo akuchokera kusukulu, kunja kunada bii, ndipo mvula inakhuthuka. Anathamanga njira yonse, nsapato zikulira madzi. Atafika anapeza onse ali mu Nkhono.

Matiresi anali atanyowa. Madzi ankatsika pa matabwa, pambali penipeni pa kawindo, pamene pankalowera mawaya aja. Kuchoka apo ankatsata waya mpaka mu kontirola. Kabokosiko kanali katada, ndipo m'galimoto monse munkanunkha pulasitiki wopsa. Firiji inali chete.

"Mwayi sindinagonemo," anatero azakhali ndi mawu otsika. "Komanso mwayi moto sunagwire makatani."

A Magetsi anakweza dzanja n'kugwira pamene anamata okha paja. Madzi anayenderera pa chala chawo mpaka m'chigongono. Kenako anayang'ana dzanja lawo lamanzere nthawi yaitali, ngati akuyang'ana mnzawo amene wawapereka.

"Ndi pano," anatero. "Pamene ndinati mpanga."

"Achimwene, mwina ndi pena," anatero azakhali.

"Ayi, achemwali, musandiphimbe. Pamene anagwira mwanayu ndi pouma ponse. Taonani kutsogoloku, taonani kumbuyoku. Padontha pamodzi pokha, pamene panafika dzanja ili. Ndinaliona likunjenjemera, koma ndinakakamira chifukwa cha kunyada. Mverani nonse, ndipo iwe Golo umvetsetse. Mmisiri amene safuna kuvomera kuti manja ake atha amapha anthu. Lero ndi matiresi, mawa ndi mlongo wanga kupsera m'tulo. Ndikanakhala wina ndikanati ndi mwana, poti mwana sayankha. Koma ine sindingasenzetse mwana wosalakwa katundu wanga. Ndinalonjeza, ndipo ndichita."

Gologolo anatsegula pakamwa. Amayi anamukoka n'kumufunditsa thaulo.

"Pita ukavule zonyowazi, mwana wanga. Taona mmene ukunjenjemerera."

Anapita. M'chipinda mwake analira ataluma thaulolo kuti asamveke.

6. Mphatso

M'mawa mwake kunacha bwino. Azakhali anamangirira lona padenga pa Nkhono, nati akakonzetsa ku galaja yaikulu ya kufupi ndi kwa mwana wawo. Sanafune kuti achimwene awo aziiona galimotoyo pakhomo n'kumadzizunza. Ankalongedza katundu mwakachetechete, osaseka ngati kale.

Gologolo anawapeza bambo ake m'shedi. Chikwangwani chija, chimene penti yake inali isanataye fungo, chinali pansi, choyang'anitsa kukhoma. Mapulayazi, masikuludiraiva ndi mipukutu ya waya zinali m'makatoni. Makiyi anali pa benchi, ndipo a Kalipentala anali atauzidwa kuti adzawatenge madzulo a tsiku lomwelo.

"Wabwera bwino," anatero a Magetsi. "Zida zonsezi zipita kwa amene azifune. Koma ichi ndakusungira."

Anamupatsa dirilo ija, ataipukuta mpaka kunyezimira.

"Ndinaigula iwe usanabadwe. Sindinaibwerekepo munthu. Tenga, mwana wanga. Pakhomo pano manja okhulupirika atsala ako okha."

Gologolo anailandira, ndipo inamulemera ngati mwala. Kunja injini ya Nkhono inatsokomola n'kuyamba kulira. Misozi inamutsika, ndipo mawu amene anawameza masiku onse aja anatuluka onse pamodzi, opanda dongosolo.

"Bambo, si inu ayi. Ndine. Mutapita kukamwa mankhwala ndinaboola ndekha. Sindinapeze nthiti. Ndinamata ndi chingamu. Bowolo lili kunsi kwa sola yachiwiri. Ndi payipi ndinapalambalala dala. Ndinakunamizani, bambo. Dzanja lanu silinalakwe!"

Anaweramitsa mutu kudikira ukali. Akanakonda kukalipiridwa, ngakhale kuthamangitsidwa m'shedimo. Koma a Magetsi anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa, n'kumusisita pamutu.

"Chingamu! Wachiganiza usiku wonse chimenechi? Amayi ako akutuma, kapena ndi nzeru zako?"

"Palibe wandituma. Ndi zoona, bambo!"

"Golo, ine ndinakufunsa ngati wamata onse, ndipo unandiyang'ana m'maso n'kuti onse. Iwe sunandinamizepo chibadwire. Usayambe lero chifukwa chondimvera chisoni. Mtima wako ndi wabwino, ukufuna kusenza mlandu wa bambo ako kuti ndisatseke shedi. Ndathokoza. Koma bodza, ngakhale la chifundo, ndi bodza ndithu. Usadzabwerezenso."

"Kwezani solayo muone nokha!"

"Basi, mwana wanga. Pita ukatsanzikane ndi azakhali ako."

Anatembenuka n'kupitiriza kulongedza mawaya ndi dzanja limodzi.

Apa ndi pamene Gologolo anazindikira kukula kwa chimene anachita. Bodza lake lija bambo ake analikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo tsopano choonadi chake chinalibe polowera. Mboni yake inali imodzi yokha, ndipo inali kunsi kwa sola, pansi pa lona.

Anatuluka m'shedi akuthamanga. Pabwalo panangotsala mizere iwiri ya matayala m'matope. Amayi anali pageti akubayibitsa, ndipo kumapeto kwa msewu Nkhono inali ikukhota, lona lake likupepheruka.

"Azakhali! Imani! Azakhali!"

Mawindo anali otseka. Nkhono inakhota n'kubisika kuseri kwa nyumba. Kutsidya kwa mpanda, a Kalipentala anali atayamba kale kusenzera matabwa awo kufupi ndi khomo la shedi.

Gologolo anaika dirilo m'manja mwa amayi ake. Anakoka njinga imene inatsamira pampanda, n'kulumphirapo. Amayi anamufunsa kumene akupita, koma iye anali atatuluka kale pageti, akupalasa ataimirira, kulondola matope a matayala a Nkhono kulowera ku msewu waukulu.